Honda yanu ikumwa petulo ngati chidakwa? Musathamangire kuchepetsa jeti

Basi ya ku Lusaka ikangoima pa Katete Stores, musanatsike n'komwe, anyamata a ma honda afika kale pakhomo. Wina wagwira chola, wina akuitana "amayi", wina "abwana", aliyense afuna inu. Pa Sinda ni chimodzimodzi. Ku Vubwi ndiye osakamba, chifukwa kumeneko mukaphonya motoka ya m'mawa, mthuthuthu ndiye basi yanu, ndiye ambulansi, ndiyenso ngolo ya feteleza.

Koma khalani pang'ono pa sitesheni mumve zimene anyamatawa akamba makasitomala akapita. Si za mpira, si za nyimbo yatsopano. Nkhani ni petulo. Kuyambira mu December 2021, pamene boma linachotsa dzanja pa mtengo wa mafuta ndipo lita inalumpha kuchoka pa K17.62 kufika pa K21.16, thanki yakhala mdani wa thumba. Mu 2022 a ERB anayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2024 lita inali itadutsa K30. Kasitomala wa ku Kagoro kapena ku Nyanje samva zimenezo. Iye afuna kulipira yomwe analipira chaka chatha.

Manje pakati pa madandaulo amenewa pafala mankhwala amodzi: pitani kwa makanika akuchepetsereni jeti. Ati mukaika jeti yaing'ono mu kabuleta, honda imasiya umbombo. Pali choonadi pamenepo, koma ni chochepa kuposa momwe achikambira, ndipo ambiri amene ayesa asunga ndalama ya malita awiri n'kutaya ya pisitoni.

Tiyambe ndi ndalama, kuti tione chimene tilimbirana. Tinene kuti muyenda makilomita 120 pa tsiku. Honda ikamayenda makilomita 40 pa lita, mufunika malita 3. Ikatsika kufika pa 30, mufunika malita 4. Lita imodzi chabe, mungatero. Koma pa masiku 26 a ntchito ni malita 26, ndipo petulo ikakhala pa K30 imeneyo ni K780 pa mwezi. Kwa mnyamata amene apereka kashingi kwa mwini njinga madzulo alionse, imeneyo ni lendi ya nyumba.

Kabuleta ilibe nzeru, ilibe kompyuta. Ni paipi yopapatiza pakati. Pisitoni ikatsika imakoka mphepo, mphepo ikafika pamalo popapatiza imathamanga, ndipo kuthamangako kumayamwa petulo kuchoka m'kambale ka pansi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Timabowo timeneti tili mu tizitsulo tachikasu, ndiwo majeti. Injini ya petulo imapsa bwino ikalandira magilamu pafupifupi 14.7 a mphepo pa gilamu imodzi ya petulo. Petulo ikachuluka, ina imatuluka ku ekizozi isanapse, ndalama yanu yasanduka utsi. Ikachepa kwambiri, injini imatentha, ndipo kumbukirani kuti ma honda athuwa alibe rediyeta. Chowaziziritsa ni mphepo ya panjira, komanso petulo yomweyo imene mufuna kuwamana.

Apa ndiye pali chinsinsi chimene ambiri sachidziwa. Mu kabuleta ya mthuthuthu muli zinthu zitatu zogawa petulo, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake. Jeti yaing'ono, imene amakanika aitcha pailoti, ndiyo igwira ntchito injini ikamangolira poima ndiponso mukatsegula moto pang'ono, mpaka kota. Kuchoka pa kota kufika pa makota atatu, bwana ni singano, ija yosongoka imene ikwera ndi kutsika mukapotoza dzanja. Jeti yaikulu, meni jeti, imalamulira kwenikweni mukatsegula moto wonse.

Tsopano dzifunseni: pa tsiku lonse, ni mphindi zingati zimene muyenda moto uli wonse? M'njira za kumidzi zodzala maenje, muli ndi agogo kumbuyo ndi thumba la nshawa, dzanja limakhala pakati. Choncho munthu akakuchotserani meni jeti n'kuika yaing'ono, pa ulendo wa masiku onse simuona kusintha kwenikweni. Mudzakuona tsiku limene mwanyamula matumba awiri a chimanga pa chitunda cha ku Vubwi, moto uli wonse, liwiro lili lochepa, mphepo yoziziritsa palibe. Pamenepo ndi pamene injini ifuna petulo yokwanira, ndipo ndi pamene mwaimana. Vavu imapsa, pisitoni imagwira, nthawi zina imabooka pamutu.

Manambala a pa jeti nawonso amanyenga. Pa makabuleta a mtundu wa Keihin ndi ena otengera pamenepo, nambala imasonyeza kukula kwa bowo: 100 ni pafupifupi milimita imodzi, 95 ni 0.95. Kusiyana kuoneka ngati kulibe, koma bowo ni lozungulira, ndiye kuchoka pa 100 kupita pa 95 malo odutsa petulo achepa ndi pafupifupi 10 peresenti. Amene akutsitsani kuchoka pa 100 kufika pa 85 wadula kuposa kota. A Mikuni ali ndi kawerengedwe kawo, ndiye 95 ya uku si 95 ya uko. Ndipo majeti otchipa a m'timapaketi topanda dzina, awiri olembedwa nambala imodzi atha kukhala ndi mabowo osiyana.

Wakuba ali pafupi

Honda imene inali kuyenda bwino chaka chatha n'kuyamba kumwa chaka chino, vuto si kukula kwa jeti ya ku fakitale. Jeti siikula yokha ngati dzungu. Chilipo china chimene chasintha, ndipo kuno kwathu woyamba kumuganizira ni fumbi.

Amene anapitako ku Kulamba ku Mkaika, Loweruka lotsiriza la August, adziwa zimene ndikamba. Anthu a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a konkuno adzaza kwa Kalonga Gawa Undi, ma honda ali pikitipikiti usana ndi usiku, ndipo pobwerera ngakhale nsidze zasanduka zofiira. Fumbi limene lili pa nsidze zanu lilinso mu sefa ya mphepo. Sefa ikatsekeka injini imakoka movutikira, ndipo m'malo mwa mphepo imayamwa petulo yambiri, ngati kuti mwaiwala choki. Sefa ya siponji ichapeni, iume, muidontheze oilo pang'ono n'kufinya. Ya pepala siichapidwa, ikatha yatha, gulani ina. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, muziiona sabata iliyonse. Koma chonde musaichotseretu ati kuti injini ipume. Ipumadi, koma ipuma mchenga, ndipo malingi satenga nthawi.

Wachiwiri ni fuloti. M'kambale ka pansi muli kanthu koyandama kamene kamatseka petulo ikafika pamlingo wake, monga mu thanki ya toileti. Kansonga kake kakatha, kapena kachitsotso kakalowapo, petulo imadzaza kupyola mlingo. Mukaona kapaipi ka pansi pa kabuleta kakudontha honda itaima, kapena m'mawa pamene munaiimika panyowa ndipo panunkha, musafunse zambiri. Ndipo tsekani kampopi ka petulo usiku. Ambiri satseka.

Zitsotso zimenezi zichokera kuti? Kumene filing'i sitesheni ili kutali, petulo igulidwa m'mabotolo ndi m'zigubu pambali pa msewu. Sindinyoza, chifukwa popanda anthu amenewa midzi yambiri ikanaima. Koma chigubu chimene chakhala padzuwa, chatsegulidwa kakhumi, sichilephera kukhala ndi fumbi kapena timadzi. Kasefa ka petulo ka papaipi n'kotchipa kuposa mbale ya nsima ndi nkhuku pa Sinda. Ikani. Kwa inu a m'malire ku Vubwi amene nthawi zina muthira ku Malawi, dziwaninso kuti kumeneko akhala akusakaniza petulo ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Petulo yotero imapsa ngati kuti jeti yachepa kale pang'ono, ndipo imakoka chinyezi ikakhalitsa. Honda imene mwaimana kale mukaithira imeneyo, mwaimana kawiri.

Wachitatu, ndipo uyu ndiye amapweteka mtima, ni waya. Jeti ikatsekeka, makanika wa changu amatenga kawaya ka kebulo ya buleki kapena singano yosokera n'kutokosa. Chitsulo cha jeti n'chofewa. Kutokosa kawiri katatu, 95 yasanduka 105, koma pamwamba palembedwabe 95. Jeti itsukidwa ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi mphepo ya pampu, basi. Ngati yanu inatokosedwapo, kugula ina ya nambala yomweyo ya ku fakitale kungakubwezereni malita amene mukuwafuna, osachepetsa chilichonse. Singano nayo imatha. Imagwedera m'kabowo kake zaka ndi zaka, mabampu onse a mu Chanida road, mpaka kabowo kamakula. Pa injini yakale iyi ndiyo nthenda yeniyeni, ndipo mankhwala ake ni singano yatsopano pamodzi ndi kabowo kake.

Zina sizikhudza kabuleta n'komwe: tayala lopanda mphepo, tcheni chouma, buleki yogwira, kilachi yoterereka, mavavu osasetedwa. Utsi ukakhala wobiriwira ngati wa mtambo, umenewo ni oilo, malingi atha, ndipo olo musinthe majeti khumi palibe chimene chichitike.

Nanga kuchepetsa kulibe malo ake?

Kulipo. Katete ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotero mphepo ni yopepuka ndi pafupifupi 10 peresenti kuyerekeza ndi ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Kabuleta siidziwa zimenezo. Imene inasetedwa kuti igwire ntchito kugombe, ikafika kuno imapereka petulo yochulukirapo pang'ono. Pang'ono, osati maningi: kukonza kwake nthawi zambiri ni sitepe imodzi, monga kuchoka pa 100 kupita pa 98 kapena 95, osapyola apo. Nyengo nayo iseweretsa. Mu October kukatentha mphepo imapepuka, honda imamwa. M'mawa wa June kukazizira mphepo imalemera, ndipo seting'i imene inali yokoma mu October itha kukhala yowuma kwambiri. So ngati museta m'chilimwe, siyani kampata.

Kumbukiraninso kuti ma honda ambiri atsopano abwera atamanidwa kale ku fakitale, chifukwa maiko owapanga ali ndi malamulo a utsi. Ku India anaumitsa malamulowo mu April 2020, ndipo njinga zambiri zogulitsidwa kwawoko zinasiya kabuleta wamba, ngakhale zotumiza kuno zibwerabe nayo. Boxer kapena TVS imene sinatsegulidwepo, ikuyenda bwino, isiyeni.

Musanagule kanthu, yezani. Dzazani thanki mpaka pamzere umene mwauona bwino, lembani makilomita, gwirani ntchito yanu ya masiku onse, mudzazenso mpaka pomwepo, mugawe makilomita ndi malita. Sipidomita inafa kale? Foni ili ndi mapu, imawerenga mtunda. Chitani katatu, chifukwa tsiku la msika silifanana ndi Lachiwiri wamba. Popanda nambala imeneyi mudzangokhulupirira zimene makanika wakuuzani, ndipo munthu amene walipira amafuna kumva kuti zasintha.

Kenako funsani pulagi. Ikani yatsopano, injini itenthe, yendani makilomita angapo dzanja lili pamalo amodzi, gwirani kilachi, zimitsani pomwepo, muime mumasule. Musaisiye ilire poima, chifukwa mudzawerenga za pailoti chabe. Nsonga ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo yachuluka. Ikakhala yotuwa ngati tiyi wamkaka, muli bwino. Ikayera mbuu ngati choko, bwezani msanga zimene mwachita. Petulo ya masiku ano yopanda mtovu siipaka pulagi mtundu msanga ngati ya kale, ndiye musadalire maso okha. Mverani injini. Yokhuta imalira mwaulesi, imanunkha petulo, imalira m'mawa wozizira popanda choki, ndipo imaipiraipira ikatentha. Yanjala imazengereza mukatsegula moto, imaphulika phaa phaa ku ekizozi mukatseka, imakoma mukakoka choki pang'ono, ndipo pachitunda imalira ngati timiyala m'chitini. Kulira kwa timiyalako ni chenjezo lotsiriza.

Injini yanjala si nthawi zonse kuti jeti yachepa. Labala imene ilumikiza kabuleta ku injini ikang'aluka, mphepo imalowera pambali. Ena poona izi amaika jeti yaikulu kubisa vuto, ndiye honda imamwa kwinaku ikutsokomola.

Zonse zikakhala bwino koma ikadali yokhuta, yambani ndi kasikuruwu ka pambali, kaja kaulere. Kakakhala mbali ya sefa ya mphepo, n'ka mphepo: kumasula ni kuchepetsa petulo. Kakakhala mbali ya injini, n'ka petulo: kumasula ni kuonjezera. Ambiri asokoneza apa. Injini itatentha, tembenuzani kota kota mpaka ilire mokwera ndi mosalala, kenako mutsitse kaliridwe ndi sikuruwu inayo. Nthawi zambiri malo abwino ali pakati pa kuzungulira kamodzi ndi hafu ndi kawiri ndi hafu kuchoka pomanga. Pomanga musalimbitse, nsonga yake imaphwanyika.

Ikatsatira ni singano. Zambiri zili ndi timizere tisanu kumutu ndi kakilipi. Kukweza kilipi mzere umodzi kumatsitsa singano, petulo imachepa pakati, pamene dzanja lanu limakhala tsiku lonse. Apa ndiye pali ndalama, ndipo simugula kanthu. Mzere umodzi chabe, muyende masiku awiri, muyeze. Meni jeti ikhale yotsiriza, sitepe imodzi, ndipo yakale muisunge m'kabotolo. Mukasintha zitatu tsiku limodzi, zikaipa simudziwa cholakwa ni chiti. Uja mchitidwe wolowetsa kaulusi ka waya wa magetsi mu jeti kuti bowo lichepe, usiyeni. Palibe amene adziwa kuti wachepetsa bwanji, ndipo kawayako kakasuntha muli pakati pa Sinda ndi Nyanje usiku, mudzakankha.

Yatsopano, koma iti?

Nthawi ina kabuleta imatheratu. Chotsegulira moto chagwedera m'nyumba yake, ulusi wa masikuruwu wadyeka, seting'i siikhala. Pogula ina, anyamata akonda yaikulu, ati ipatsa mphamvu. Pa injini za mtundu wa CG, zija zinatengera Honda CG125 ya mu 1975 imene inapangidwira dala maiko amene njinga igwira ntchito yakalavulagaga popanda sevisi, kawirikawiri 125 iyenda ndi PZ26, 150 ndi PZ27, 200 ndi PZ30. Mukaika PZ30 pa 125, pakhosi pakula, mphepo siithamanga mokwanira, petulo siiphwanyika bwino, imalowa ngati madontho. Honda imazengereza ponyamuka, inu mupotoza dzanja kwambiri, thanki itsika. Wofuna kusunga mafuta agule saizi ya ku fakitale. Ndipo musanaimange, tsegulani kambale muwerenge majeti, muyerekeze ndi a yakale, chifukwa za m'makatoni zibwera ndi majeti a paliponse, osati a injini yanu.

Eni mamotoka, ambiri a inu nkhaniyi siikukhudzani. Corolla, Spacio, Vitz ndi anzawo ochokera ku Japan amene adzaza pa lanki alibe majeti otere, petulo igawidwa ndi kompyuta. Wina akakuuzani kuti akuchepetserani jeti pa Spacio, gwirani chikwama chanu bwino. Koma akadalipo madala amene anyamula soya ndi mpendadzuwa nthawi yokolola: Hilux yakale ya injini ya 2Y kapena 3Y, ndi kabakki ka Nissan 1400 kamene ku South Africa anapitiriza kukapanga mpaka 2008. Makabuleta ake ali ndi makhosi awiri. Loyamba laling'ono ndilo la masiku onse, lachiwiri limatseguka mukaponda kwambiri. Weber 32/36 imene ena aika m'malo mwa yakale igwira chimodzimodzi: khosi la mamilimita 32 poyenda bwinobwino, la 36 phazi likafika pansi. Dalaivala wodziwa kukhala pa khosi loyamba asunga mafuta kuposa amene wasintha majeti koma phazi ni lolemera. Pa injini zimenezi onaninso taimingi, mapointi ngati ilipo nawo, ndi choki chimene chimakakamira osatseguka chonse. Weber yogula yakale inachoka pa injini ina, mwina ya malita awiri, ndiye majeti ake ayenera kuonedwa musanaimange pa ka 1400.

A m'madimba amene muthirira tomato ndi repu ndi kapampu ka petulo, ndi inu a majenereta a pa saluni ndi pa babashopu, kabuleta yanu ni yosavuta kuposa zonsezi, ndipo matenda ake ni omwewo: sefa, zitsotso, fuloti. Mukamaliza ntchito tsekani petulo, injini ilire mpaka izime yokha, kuti m'kambale musatsale petulo youma n'kutseka jeti. Ndipo kaya ni pampu, jenereta kapena honda, musaisete ikulira m'nyumba yotseka. Utsi wa injini yokhuta uli ndi mpweya wakupha umene ulibe fungo. Tulutsani panja, patali ndi mbaula, ndipo amene asuta ayambe wazima fodya.

Makanika wabwino mudzamudziwa ndi mafunso ake. Asanagwire sipanala afunsa kuti iyenda makilomita angati pa lita, yayamba liti kumwa, muthira kuti petulo. Amasula pulagi ndi sefa asanamasule kabuleta. Akachotsa jeti akuonetsani nambala, ndipo yakale akubwezerani m'manja. Amene angomva kuti "ikumwa" n'kutulutsa kajeti m'thumba la ovolosi, muuzeni kuti mubwera mawa.